Ufumu wa Oman unafika mpaka ku Nkhotakota

Nkhani ya maufumu a Chisilamu ikabuka, ambiri amathamangira ku Turkey. Ine ndimati tiyambire pafupi, pa ufumu wa Oman, umene dzanja lake linafika kunyanja yathu ino.

Aluya a ku Oman anapirikitsa Apwitikizi ku Muscat mu 1650, ndipo mu 1698 anawalanda linga la Fort Jesus ku Mombasa. Pofika 1840, Sultan wa Oman, Seyyid Said, anali atasamutsira likulu lake ku Zanzibar. Chuma chake chinkachokera ku minyanga ya njovu, akapolo ndi minda ya clove. Olima mindayo anali akapolo, ambiri ochokera kuno kudzera ku Kilwa.

Kuno kwathu, Salim bin Abdallah, Jumbe (mfumu) woyamba wa ku Nkhotakota, ankawolotsa akapolo panyanja ndi zombo. Mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda analowa nawo malondawa, ndipo Chisilamu chinazika mizu pakati pa anthu awo.

Said atamwalira mu 1856, ana ake anagawana ufumuwo pawiri. Angerezi anakakamiza Sultan Barghash wa ku Zanzibar kutseka msika wa akapolo mu 1873, ndipo mu 1890 Zanzibar inalowa m'manja mwawo. Mkwiyo wa osauka pa eni minda unaphulika mu 1964: Sultan wa nthawiyo anathawa, ndipo chilumbacho chinaphatikana ndi Tanganyika kupanga Tanzania.

Ndikukhulupirira kuti ana athu ayenera kuphunzira zonse ziwiri: mizikiti ndi madrasa zimene zinabwera ndi njira ya malonda imeneyi, komanso midzi imene inasanduka mabwinja chifukwa cha iyo.