Makolo akapita, adzamusunga ndani?

M'mabanja ena ku Silverest, m'boma la Chongwe, muli ana amene anabadwa ndi ubongo wocedwa kugwira zinthu. Mwana wotere angafike zaka 40 koma afunikabe womuwerengera ndalama ndi womuperekeza ku cipatala. Kawirikawiri nchitoyi imakhala ya amai ace okha, ndipo bvuto limabuka iwo akamwalira.

Abale amene amalawirira ku nchito ku Lusaka amasowa womusiyira. Ena amaganiza zomufunira malo ku nyumba zosungiramo nkhalamba, monga Matero After Care Centre kapena Divine Providence Home ku Chawama. Koma nyumba zotere n'zocepa m'Zambia. Ndiponso munthu wa zaka 35 akakhala pakati pa agogo a zaka 80 amasowa mnzace wa msinkhu wace, ndipo tinchito timene anazolowera kwao, monga kusesa ndi kutsuka mbale, amatiiwala.

Thanzi lace lifunikanso diso la munthu womudziwa. Ambiri satha kunena pamene pakuwawa. Dzino, khutu kapena kudzimbidwa zimaonekera mwa ukali ndi kukana nsima, mwakuti womusamalira wacilendo amangoti ndi mwano. Ena ali ndi khunyu, ndipo sayenera kudumpha mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Obadwa ndi Down syndrome amakalamba msanga, ndipo ambiri amayamba kuiwalaiwala ca m'ma zaka 50.

Kucedwa nzeru si misala yomutsekera ku Chainama, ndipo si ufiti. Lamulo la anthu olemala la 2012 limati munthu wotere ali ndi ufulu wokhala ndi banja lace.

Cotero makolo ayenera kukonzeratu akali moyo. Aitane abale ndi kugwirizana amene adzamutenga, ndipo iye mwini afunsidwe. Ayambe kukagonako masiku ocepa kuti azolowere. Amulembetse ku bungwe la olemala la ZAPD, ndi kukafunsa ku ofesi ya Social Welfare ku Chongwe za ndalama za Social Cash Transfer, pakuti banja lokhala ndi wolemala kwambiri limalandira ndalama zoculukirapo. Alembenso m'kabuku mankhwala ace, zakudya zimene amakana ndi mmene amaonetsera ululu.

Ngati palibe m'bale womutenga, kabukuka kapite naye ku nyumba ya okalamba, ndipo abale asaleke kukamuona. Nkhani yotere siyenera kuyembekeza tsiku la maliro.