Foni yanu ilibe virus, ndi kernel ikutsitsa anthu m'bwato

Sabata yatha tili pa doko la Kachulu, mng'ono wanga amadzaza fomu yofunsira ntchito pa intaneti. Anafika pomwe amafuna chithunzi cha chitupa cha unzika, n'kutsegula kamera. Pobwerera anapeza fomu yonse ili mbee, bandulo nayo yadyeka, tsiku lotseka lili lomwelo. "Achimwene, foniyi yalowa virus, mawa ndikaiflashitsa ku Zomba." Ndinamuletsa. Ku yunivesite ndinasiyira panjira fizi itavuta, koma kalasi ya zimenezi ndinalowako ndithu.

Foni ili ndi memory ziwiri, ndipo ambiri timaziphatikiza. Storage, ija amalemba 32GB, ili ngati nyumba yosungira katundu kumtunda. RAM, ija ya 2GB, ndi bwato la ku Chisi: app iliyonse yomwe ikugwira ntchito iyenera kukhala m'menemo, ndipo malo ake ndi omwewo basi. Woyendetsa bwatoli ndi kernel, mtima wa pulogalamu yoyendetsa foni. Ya Android ndi Linux, yomwe Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki.

Bwato likayamba kudzaza, kernel siyamba ndi kuthamangitsa anthu. Imayamba yataya zinthu zomwe ingakazitengenso ku storage zikafunika. Zikapanda kukwana, imapanikiza za ma app amene akungogona n'kuziika pa kagawo ka RAM kotchedwa zRAM, monga amayi amatsendera matemba m'thumba kuti alowe ambiri. Kupanikizako kumadya mphamvu ya purosesa, n'chifukwa chake foni imayamba kukoka miyendo isanatseke kanthu.

Zonsezi zikakanika, wina atsike. Apa ndiye pamandisangalatsa, chifukwa satsitsa mwachisawawa. App iliyonse ili ndi nambala yake, kuyambira -1000 mpaka 1000, ndipo wa nambala yaikulu ndiye woyamba kuponyedwa. Yomwe mukuiona pa sikirini ili pa 0. Yomwe ikuimba nyimbo kumbuyo ili cha pa 200. Yomwe mwangochokamo kumene ili pa 700, ndipo zija munatsegula m'mawa n'kuziiwala zili kuyambira 900 kupita m'mwamba. Zofunika kuti foni isathime zili pansi pa 0, sizikhudzidwa wamba. Kale wogwira ntchito yotsitsayi anali mkati mwa kernel momwemo, koma anamuchotsamo mu Linux 4.12 mu 2017. Pano ndi kapulogalamu kapadera kotchedwa lmkd, kamene kernel imakauza kuti madzi ayamba kulowa.

Ndiye taonani za mng'ono wanga uja. Atatsegula kamera, kamerayo inakhala pa 0, browser yokhala ndi fomu inagwera pa 700. Kamera ndi passenja wonenepa, imadya RAM yambiri. A ma 900 anatsitsidwa, malo osakwanabe, mzere unafika pa browser. Pa foni ya 8GB sizikanafika pamenepo.

Apa muona kuti kudilita zithunzi za pa ukwati sikuthandiza vutoli, mwangosesa m'nyumba pomwe chadzaza ndi bwato. Ma app a "cleaner" ndi "booster" ndiye ndimadana nawo kwambiri: nawonso amakwera bwato lomwelo, ndipo zomwe atseka zimadzukanso n'kudya batire. Kuyambira Android 14 ya mu 2023, app siloledwanso kupha ma app anzake akumbuyo, ndiye mudzifunse kuti kabatani kaja kakutsuka chiyani.

Pogula foni samalaninso ndi zolemba ngati 4GB+4GB. Theka lachiwirilo si RAM yeniyeni, ndi malo obwereka ku storage, ndipo storage imachedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Funsani nambala yoyambayo. Ngakhale Android Go, yopangira mafoni otchipa, inayamba mu 2017 ndi mafoni a 1GB, koma pofika Android 13 inkafuna 2GB.

Ife tinachita zophweka. Tinathimitsa foni n'kuyatsanso, tinajambula chitupa kaye fomu tisanaitsegule, mayankho aatali tinalemba mu notes kuti tizingokopera, Facebook osaigwira n'komwe. Fomu inapita cha m'ma 4 koloko, ndipo ndalama yoflashitsira ija anandigulira nayo chips.