Kompyuta ya Wophunzira Kujambula Zithunzi

Kale munthu wojambula zithunzi anali ndi zida ziwiri: kamera ndi chipinda cha mdima. M'kamera munkakhala filimu. Filimu ikadzaza, ankalowa nayo m'chipinda cha mdima ndi kuitsuka ndi mankhwala. Chithunzi chinkatulukira pa pepala pang'onopang'ono, pansi pa nyali yofiira. Umu ndi mmene ankagwirira ntchito Ricardo Rangel, wojambula wotchuka wa dziko lathu, amene anabadwa mu 1924 ndi kumwalira mu 2009. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 iye anatsogolera sukulu ya ojambula ku Maputo, Centro de Formação Fotográfica, ndipo achinyamata ambiri anaphunzira ntchitoyi kumeneko.

Lero ojambula ambiri sagwiritsanso filimu. Ntchito ya chipinda cha mdima yalowa m'kompyuta. Pa kompyuta ndi pamene timasankha zithunzi zabwino, kuwalitsa zimene zada, kukonza mitundu, kuwongola zopendekeka ndi kuzisunga. Motero mwana wathu akayamba kuphunzira kujambula, posakhalitsa adzatiuza kuti akufuna kompyuta.

Kompyuta ndi yodula. Kwa banja la alimi ku Angónia kapena ku Macanga, mtengo wake ungadye ndalama ya mbatata kapena ya fodya ya chaka chonse. Tikagula molakwa, sitingagulenso ina chaka chomwecho. Tiyeni tione zoyenera kuyang'ana tisanatulutse ndalama.

Tiyambe ndi sikirini

Wogulitsa amayamba ndi kutamanda liwiro la kompyuta. Ife tiyambe ndi sikirini, chifukwa wojambula amakonza chimene akuona. Sikirini ikamunamiza, ntchito yake yonse yalakwika, ngakhale kompyutayo ithamange bwanji.

Tiyerekeze kuti wophunzira wajambula mayi wovala kapulana yofiira. Pa sikirini yosaoneka bwino, kufiirako kumaoneka kotuwa. Wophunzira amawonjezera mtundu mpaka maso ake akhutire. Koma chithunzicho chikafika pa foni ya mayiyo, kapena chikatsukidwa pa pepala, kapulana ija yapsa ngati moto ndipo nkhope yasanduka yofiira. Mayiyo akana kulipira. Vuto silinali la kamera. Pa ukwati ndiye pamavuta koposa: diresi la mkwatibwi ndi loyera, nkhope zathu ndi zakuda, ndipo zonse ziwiri ziyenera kuoneka bwino pa chithunzi chimodzi. Sikirini yosatha kusiyanitsa kuda kwa nkhope ndi kuda kwa mthunzi siingathandize pamenepa.

Tingaizindikire bwanji sikirini yabwino? Pali mtundu wotchedwa TN, umene umapezeka pa malaputopu ambiri otsika mtengo, ndi mtundu wotchedwa IPS. Kusiyanitsa n'kosavuta. Tsegulani chithunzi. Pendeketsani chivundikiro cha laputopu kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka muyang'ane kuchokera kumbali. Pa TN mitundu imasintha, poyera pamatuwa, pakuda pamaderatu. Pa IPS chithunzi chimakhala chimodzimodzi. Wojambula asankhe IPS.

Palinso muyeso wa mitundu wotchedwa sRGB. Makampani a HP ndi Microsoft anaukhazikitsa mu 1996, ndipo zithunzi za pa intaneti ndi makina ambiri otsukira zithunzi amatsata muyeso umenewu. Pa pepala lofotokoza laputopu tifune mawu akuti "100% sRGB" kapena "72% NTSC". Pakalembedwa "45% NTSC", tidziwe kuti sikiriniyo imaonetsa pafupifupi magawo awiri okha mwa magawo atatu a mitundu ija. Imeneyi ndi imene imatuwitsa kapulana.

Timadontho ta sikirini tikhale 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, kapena kuposa. Sikirini ya 1366 ndi 768 imabisa zithunzi zosalunjika bwino, ndipo timazindikira mochedwa kuti maso a munthu sanatuluke.

Mphasa ndi nkhokwe

Kompyuta ili ndi malo awiri oikamo zinthu, ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Oyamba ndi RAM. RAM ili ngati mphasa imene timayanikapo ufa: ndi pamene pamakhala chimene tikugwira tsopano. Mphasa ikachepa, timayanika pang'onopang'ono ndipo tsiku limatha. Achiwiri ndi diski. Diski ili ngati nkhokwe: ndi mosungira. Zonse ziwiri zimayezedwa m'magigabaiti, olembedwa GB.

Kampani ya Adobe imanena kuti pulogalamu yake ya Lightroom imafuna RAM yosachepera 8 GB, ndipo imalangiza 16 GB. Laputopu ya 4 GB tiisiye, ngakhale ikhale yatsopano ndi yonyezimira. Ngati ndalama yakwanira 8 GB yokha, tifunse ngati m'kati muli malo owonjezerapo RAM ina. Pa malaputopu ena RAM inamatidwa, ndipo siingawonjezedwe. Makompyuta a Apple okhala ndi purosesa ya M1, amene anatuluka mu 2020, ndi amene anawatsatira, ali choncho. Masikirini ake ndi abwino ndipo batire imakhalitsa, koma RAM imene wagula ndi yomweyo mpaka kompyutayo idzathe.

Tsopano nkhokwe. Kamera imasunga chithunzi m'njira ziwiri. JPEG ndi chithunzi chimene kamera yakonza kale. RAW ili ngati filimu yosatsuka: imasunga zonse zimene kamera inaona, ndipo imalola kubweza kuwala pa nkhope imene inada. Aphunzitsi a kujambula amaphunzitsa ndi RAW. Koma RAW ndi yolemera.

Tiyeni tiwerengere. Kamera ya mamegapikiselo 24 imatulutsa RAW ya mamegabaiti pafupifupi 25. Wophunzira akajambula zithunzi 600 pa ukwati umodzi, tichulukitse 600 ndi 25. Tipeza mamegabaiti 15,000, ndiye kuti 15 GB. Pa diski ya 256 GB, gawo lina limadyedwa ndi Windows ndi mapulogalamu. Pakatsala 200 GB, maukwati 13 okha adzadza nkhokwe. Choncho 512 GB ndiyo yoyenera kuyambira.

Diskiyo ikhale ya mtundu wa SSD. Madiski akale, otchedwa HDD, ali ndi mbale yozungulira m'kati. Amachedwa, ndipo laputopu ikagwa kapena ikagwedezeka pa njinga, mbale ija imawonongeka. SSD ilibe chozungulira. Tichenjerenso ndi timalaputopu ta Celeron tokhala ndi malo a 32 kapena 64 GB okha. Timeneto ndi tolembera makalata.

Purosesa

Purosesa ndiyo imagwira ntchito yowerengera. Kwa woyamba, Intel Core i5 kapena AMD Ryzen 5 ndi yokwanira. Koma dzina lokha silikwanira, tiyang'anenso m'badwo wake. Pa i5-8250U, nambala 8 yoyambayo ikutanthauza m'badwo wachisanu ndi chitatu, umene unatuluka mu 2017. Wogulitsa angatiuze monyadira kuti "iyi ndi i7", pamene ndi ya laputopu ya 2012, imene imagonja kwa i5 ya m'badwo wa 8.

M'badwo uli ndi chifukwa china. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Makompyuta ambiri akale amene maofesi a kunja anawachotsa akugulitsidwa motsika mtengo. Tiwerenge nambala tisanakopeke.

Kompyuta yogwirapo kale ntchito si yoipa. Malaputopu a m'maofesi, monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook, ndi olimba, amatseguka ndi sikuludiraiva, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Ife tingasankhe imodzi ya imeneyi kusiyana ndi yatsopano ya mtengo womwewo. Chofooka chake n'chakuti ambiri anapangidwira kulemba ndi kuwerengera, ndipo masikirini ake ndi a 45% NTSC aja. Tiyese iliyonse payokha. Za makompyuta a masewera, okhala ndi nyali zamitundumitundu, woyamba asataye nazo ndalama.

Mapulogalamu

Kuyambira mu 2013, Adobe inasiya kugulitsa Photoshop yatsopano kamodzi n'kamodzi. Tsopano munthu amalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, kudzera pa khadi la ku banki. Lightroom nayonso ili choncho. Ndalama imeneyi tiiwerengere pamodzi ndi mtengo wa kompyuta.

Alipo mapulogalamu aulere amene amagwira ntchito yeniyeni. Darktable ndi RawTherapee amatsegula ndi kukonza RAW. GIMP imagwira zambiri zimene Photoshop imagwira. Opanga makamera amaperekanso awo kwaulere: Canon ili ndi Digital Photo Professional, Nikon ili ndi NX Studio. Wophunzira afunse mphunzitsi wake pulogalamu imene adzagwiritse m'kalasi. Photoshop yakuba, imene ena amaika pa msika, nthawi zambiri imabwera ndi mavairasi, ndipo ena mwa mavairasiwo amatseka zithunzi zonse.

Magetsi, kutentha ndi fumbi

Kompyuta ya pa tebulo imapereka mphamvu zambiri pa ndalama yomweyo. Koma magetsi akazima imazimira pomwepo, ndipo ntchito yosasungidwa imatayika. Laputopu ili ndi batire, imadya magetsi ochepa, imatha kuchajidwa ndi sola, ndipo imapita nafe kusukulu. Kwa wophunzira wa kwathu kuno laputopu ndiyo yoyenera.

Mu mzinda wa Tete, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40. Laputopu ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha. Tisaiike pa matiresi kapena pa bulangeti, chifukwa imapumira pansi ndi m'mbali. Tiiike pa thabwa, ndipo tikamaliza tiiphimbe ndi nsalu kuti fumbi lisalowe.

Chithunzi chikhale pawiri

Diski iliyonse tsiku lina imafa. Laputopu imabedwa. Ukwati suchitikanso kachiwiri, ndipo gogo amene tinamujambula chaka chatha mwina lero kulibe. Pa ndalama yogulira kompyuta tipatulepo ya diski yakunja ya 1 TB, ndiye kuti magigabaiti 1,000. Ngati ndalama yachepa, ndi bwino kutsika pa purosesa kusiyana ndi kusiya diskiyi. Tikachokera kojambula, tikopere zithunzi mu laputopu ndi mu diski yakunja tisanafufute khadi la m'kamera. Diskiyo isagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu, chifukwa wakuba amatenga chikwama chonse.

Tsiku logula

Tipite ndi khadi la m'kamera lokhala ndi zithunzi zathu, makamaka cha munthu amene nkhope yake timaidziwa bwino. Tione ngati laputopu ili ndi polowetsa khadi la SD. Ngati palibe, tigule kowerengera khadi, ndi kotsika mtengo. Titsegule chithunzicho ndi kupendeketsa sikirini. Titsegulenso tsamba loyera ndi tsamba lakuda kuti tione ngati pali madontho akufa kapena mizere. RAM, diski ndi purosesa tiziwerenge m'kati mwa Windows mwenimweni, chifukwa kapepala komata pa chivundikiro kakhoza kukhala ka kompyuta ina. Tizule chaja ndi kudikira theka la ola, tione batire yatsika bwanji. Ngati kompyuta ikufunsa pasiwedi kapena akaunti ya mwini wake wakale, ndipo wogulitsa sakuidziwa, tiisiye. Pomaliza tipemphe lisiti lolembedwa nambala ya kompyutayo ndi masiku amene tingaibweze ikavuta.