Ng'ombe yathu ibereka liti? Kalendala, kope ndi themomita

M'midzi ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu muli mabanja ambiri amene fizi ya ana imachokera kwa ng'ombe imodzi ya m'khola. Ikatenga bere, pakhomo pamakhala funso limodzi: ibereka liti? Nthawi zambiri amene amapatsidwa kalendala kuti awerengere ndi inu a kusekondale. Ndiye tiyeni tiwerengere bwino.

Bere la ng'ombe limatenga masiku pafupifupi 283. Ng'ombe za mtundu wa Friesian ndi Jersey zimafulumirako, masiku 279 kapena 280, pamene za makolo zalinunda zija zimachedwerapo, zina mpaka 290. Zambiri zomwe alimi athu amakama ndi zosakaniza, choncho zimagwera pakati. Komanso thole lalimuna limakonda kukhalitsa m'mimba tsiku limodzi kapena awiri kuposa lalikazi.

Simukufunika kuwerenga masiku 283 ndi chala. Tengani tsiku limene ng'ombe inakweredwa ndi nkhunzi kapena kubayidwa umuna, onjezani miyezi 9 ndi sabata imodzi. Ngati inabayidwa pa 10 Malichi, miyezi 9 ikutifikitsa pa 10 Disembala, sabata ija ikutifikitsa pa 17 Disembala. Amenewo ndi masiku 282.

Koma musathamange kukauza amayi kuti "pa 17 basi". Mukukumbukira mu labu, tikayeza kutalika kwa waya timalemba 25.0 cm ± 0.1 cm? Kachizindikiro ka ± kaja si kokongoletsa. Kamanena kuti yankho lili penapake pakati pa malire awiri. Pa ng'ombe ndi chimodzimodzi: lembani 17 Disembala ± masiku 7. Kutanthauza kuti kuyambira pa 10 khola likhale louma, udzu wogonera ulipo, nambala ya alangizi a ziweto ili m'foni, ndipo ikafika pa 22 isanabereke palibe chochititsa mantha.

Cholakwika chachikulu sichichokera m'thupi la ng'ombe ayi, chimachokera m'kope. Ng'ombe yomwe sinatenge bere imafunanso nkhunzi pakatha masiku pafupifupi 21. Tiyerekeze kuti yanu inabayidwa pa 10 Malichi, sizinatheke, ndipo inabayidwanso pa 31 Malichi, koma tsiku lachiwirili palibe analilemba. Masamu anu akhoza kukhala olondola mzere uliwonse, yankho n'kuphonya ndi masabata atatu athunthu. Zili ngati kuyeza ndi rula yothyoka kumayambiriro: bwerezani kakhumi, muphonyabe mofanana. Nthawi zonse werengerani kuchokera pa tsiku lomaliza, ndipo pakatha masiku 18 mpaka 24 yang'anitsitsani ngati ikulira, kukwera zinzake kapena kutulutsa chikazi choyera chonanda. Ikakhala phee, mwina yatenga.

Mwina mukuti, masabata atatu ali ndi vuto lanji, si ibereka ndithu? Vuto lili pa kusiya kukama. Ng'ombe imafunika kupuma masiku pafupifupi 60 isanabereke kuti mawere akonzekenso. Pa chitsanzo chathu chija, kukama kuyenera kutha pa 18 Okutobala. Mukasiya masabata atatu nthawi isanakwane, ng'ombe yopereka malita 8 patsiku yakutayitsani 8 × 21, malita 168. Funsani mtengo wa lita ku gulu logulitsirako mkaka kwanuko, muchulukitse nokha, muone ngati si fizi imeneyo. Mukachedwa kusiya ndiye zoipa kwambiri, chifukwa ikabereka mkaka umadzakhala wochepa kwa miyezi yambiri. Pa ziwirizi, ine ndingalole kutaya malita angapo lero kusiyana ndi kuifinya mpaka kumapeto.

Nanga ngati munagula ili kale ndi bere, kapena imadya limodzi ndi nkhunzi kudambo? Apo kalendala ilibe poyambira. A vetenale amatha kupima ndi dzanja kuyambira miyezi iwiri n'kuyerekeza msinkhu wa bere. Likafika miyezi 7, mukakankha pang'onopang'ono ndi chibakera m'munsi mwa mimba, mbali ya kumanja, mumamva chinthu cholimba chikubwerera kudzagunda dzanja. Kumanzere musavutike, kwadzaza chifu chachikulu. Koma ± ya njira zimenezi ndi masabata, osati masiku.

Kumapeto ng'ombe imanena yokha. Mawere amayamba kudzaza masabata awiri kapena atatu nthawi isanakwane, ngakhale msoti wa bere loyamba umatha kuyamba kale kwambiri, choncho chizindikiro ichi musachikhulupirire chokha. Chodalirika ndi mitsempha ya mbali zonse ziwiri za tsinde la mchira. Masiku onse imakhala yolimba ngati chingwe chokoka. Ikafewa mpaka pamalopo kulowa m'kati, kwatsala maola 12 mpaka 24.

Chomwe chimandisangalatsa ine, poti ndine wa fizikisi, ndi themomita. Kutentha kwa thupi la ng'ombe kumakhala cha pa 38.5 °C, ndipo masiku omaliza a bere kumakwera kufika cha pa 39. Kukatsala tsiku limodzi kumatsika ndi 0.3 mpaka 0.5 °C. Kusiyana kwake n'kochepa, ndiye pamafunika themomita ya manambala yowerenga mpaka 0.1, yolowetsa kotulukira ndowe, wamkulu atagwira ng'ombe. Yezani nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, chifukwa madzulo thupi limatentha kuposa m'mawa, ndipo mukasakaniza nthawi mudzaona "kutsika" komwe kulibe. Yambani pa 10 Disembala, jambulani girafu m'kope, masiku m'munsi, madigiri m'mbali.

Tsikulo likafika, wotchi ndiyo imagwira ntchito. Nsupa ikasweka, payenera kuoneka ziboda ziwiri zakutsogolo, mphuno ili pamwamba pake. Ikakankha ola lathunthu popanda kusintha kulikonse, kapena mukaona mchira, mutu wokha kapena mwendo umodzi, musakoke ndi chingwe, imbani foni kwa alangizi. Thole likabadwa liyamwe mkaka woyamba wachikasu uja maola 6 asanathe, chifukwa pakatha tsiku matumbo ake salandiranso chitetezo chomwe chili mumkakamo.