KAMERA YAING'ONO IULULA MDANI WA CIMANGA KWA MBURUMA

M'dziko la Mfumu Yaikuru Mburuma, m'boma la Luangwa limene akuru-akuru akali kulicha Feira, mvula imagwa mopereŵera ndipo dzuwa limaŵala koopsya. Mcikumbe akataya cimanga cimene anabzala ndi mvula yoyamba, kaŵiri-kaŵiri sapeza mpata wobzalanso. Ncifukwa cace masamba akayamba kubooka, afunika kudziŵa msanga cimene ciri kudya mbeu yace.

Anthu a m'cigwa cino aona tizirombo tambiri, koma mdani amene anafika mu Zambia kumapeto kwa 2016 anali wacilendo: mbozi yochedwa fall armyworm, yocokera ku America. Mu December caka comweco, Pulezidenti wa nthawiyo a Edgar Lungu analamula ndeke za asilikari kunyamula mankhwala kupita nao m'zigawo. Bvuto lace ndi lakuti mbozi imeneyi ikali yaing'ono imafanana ndi kapuci, ndipo mau okha sakwanira kufotokozera mlangizi wa zaulimi amene ali kutali. Cithunzi cooneka bwino ndico cimathetsa mkangano.

Pa nchito imeneyi kamera yaing'ono ya m'thumba imacita bwino kuposa m'mene ambiri aganizira. Pa iyo pali cizindikiro ca duŵa. Munthu akasankha pamenepo, kamera imatha kuona kanthu kali pa mtunda wa masentimita ocepa cabe, ndipo popeza diso lace ndi laling'ono, mutu ndi thupi la mbozi zimaoneka bwino pamodzi. Makamera akuru a ndalama zambiri afuna galasi lapadera kuti acite zomwezo.

Nthawi yabwino ndi m'mamaŵa, kusanatenthe. Wojambula amatsegula msonga wa cimanga mmene muli ndowe zonga utuci, naturutsa mbozi, naiika pa tsamba, pambali pace ataika kamtengo ka machesi kuti kukula kwace kudziŵike. Ikakula imafika masentimita 3 kapena 4. Nyali ya kamera azimitse, cifukwa pafupi cotero imayeretsa zonse. Zigongono azitsamiritse pa maondo, adinikize batani pang'ono kufikira mbozi ioneke bwino, ndipo pamenepo amalize kudinikiza. Dzanja likanjenjemera pang'ono pokha, cithunzi caonongeka. Wanzeru amajambula kasanu kapena kakhumi nasankha cimodzi.

Zithunzi ziŵiri ndizo zofunika koposa. Coyamba ndi ca mutu, pamene pali mzere woyera wonga cilembo ca Y cozondoka. Caciŵiri ndi ca kumbuyo kwa thupi, pamene pali madontho anai akuda okhala ngati ngondya zinai za nyumba. Kapuci alibe zizindikiro ziŵirizi. Kunsi kwa masamba nako kuyenera kuyang'anidwa, pakuti gulugufe wace wa usiku amaikira mazira m'magulu okutidwa ndi ubweya wotuŵa, ndipo mmodzi angaikire oposa 1,000.

Kamera imaonetsanso abwenzi a mlimi amene maso amaŵapitirira: nyerere ndi mabvu amene amanyamula timbozi kukadya. Mankhwala othiridwa mosasamala amapha amenewa poyamba. Lero mafoni ambiri a m'manja amajambula pafupi cimodzi-modzi, ndipo cithunzi cojambulidwa m'dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa cingafike kwa mlangizi ku Boma mame asanakamuke.