Chithupsa Chobisika M'chiwindi

Tonse timachidziwa chithupsa cha pakhungu. Chimatupa, chimapsa, kenaka chimaphulika. Koma chilipo chithupsa china chimene maso sachiona. Chimamera m'chiwindi, kunsi kwa nthiti za kumanja. Sichigwira anthu ambiri, koma chikachedwa kudziwika chimapha.

Chimayamba bwanji?

Nthawi zambiri gwero lake ndi kachilombo kotchedwa amiba, kamene kamadwalitsanso kamwazi. Dokotala Fedor Lösch anakafotokoza mu 1875 ku St. Petersburg. Kamatuluka ndi chimbudzi cha munthu n'kulowa m'madzi kapena m'chakudya. Tikakameza kamakhala m'matumbo. Mwa anthu ena kamaboola khoma la matumbo n'kuyenda ndi magazi mpaka kuchiwindi. Kumeneko kamawononga mnofu, ndipo pamasonkhana mafinya ofiirira. Izi zitha kuchitika patapita miyezi kamwazi atatha. Ena amadwala osatsekulako m'mimba. Amuna akuluakulu ndiwo amagwidwa kwambiri.

Zithupsa zina zimamera pambali pa chiwindi thumbo likabooka kapena ndulu ikadwala. Izi zimadza ndi tizilombo tina.

Tingachizindikire bwanji?

Thupi limatentha, usiku thukuta limatuluka. Kunsi kwa nthiti za kumanja kumapweteka, makamaka popuma mokoka mpweya. Ululu umafika mpaka paphewa lakumanja. Wodwala safuna kudya ndipo amawonda. Ambiri amayesa malungo, koma mankhwala a malungo sathandiza.

Kuchipatala amatani?

Dokotala amagwira pamimba, amayeza magazi, ndipo amaunika m'mimba ndi makina a ultrasound. Makinawo amaonetsa pamene pali chithupsa ndi kukula kwake. Chikakhala cha amiba, wodwala amamwa metronidazole masiku 7 mpaka 10. Masiku amenewa asalawe mowa. Akatsiriza amalandira mankhwala ena ophera tizilombo totsala m'matumbo. Chithupsa chikakhala chachikulu, kapena thupi likapitiriza kutentha patatha masiku 3 mpaka 5, dokotala amapopa mafinya ndi singano. Chikalekereredwa chimatha kuphulikira m'mimba, m'mapapo kapena pafupi ndi mtima.

Anzathu, mphini sizifika pachiwindi. M'bale wathu akatentha thupi ndi kumva ululu kunthiti za kumanja, timtengere kuchipatala msanga. Tiziwiritsa madzi akumwa. Tizisamba m'manja ndi sopo. Banja lililonse likhale ndi chimbudzi, kutali ndi chitsime.

Mafunso
1. Kodi amiba amafika bwanji kuchiwindi?
2. Tchulani zizindikiro zitatu za matendawa.
3. Kodi madzi amene mumamwa kwanu amachokera kuti?