CHEZA CHOCHIZA KHANSA NDI ULENDO WOCHOKERA KU CHILUMBA

Awerengi athu a ku Chilumba ayenera kudziwa kuti masiku ano munthu wodwala khansa angathe kuchiritsidwa ndi cheza m'dziko mwathu muno. Kale odwala otere anali kutumizidwa ku Zambia, Tanzania kapena India, ndipo ambiri anatsala. Koma m'chaka cha 2025 Boma linatsegula chipatala cha khansa pa Kamuzu Central ku Lilongwe, mothandizidwa ndi bungwe la IAEA.

Nzeru imeneyi inayamba pamene Röntgen anatulukira X-ray mu 1895. Makina a cobalt-60 anayamba ntchito ku Canada mu 1951, ndipo a linear accelerator, opanga cheza ndi magetsi, anatsatira ku London mu 1953. Onsewa alasa chotupa kuchokera kunja kwa thupi, naononga mphamvu yake yakukula. Njira ina ndiyo kuika gwero la cheza m'kati, pafupi ndi chotupacho, monga achitira pa khansa ya khomo la chiberekero, imene ipha amayi ambiri m'Malawi.

Tsono vuto la wa ku Chilumba ndilo mtunda. Lilongwe ali makilomita pafupifupi 500, kudzera ku Chiweta ndi Mzuzu, ndipo wodwala alandira chezacho masiku asanu pa mlungu kwa milungu ingapo, osadumphitsa. Afunika pogona, chakudya ndi womdikirira.

Chifukwa chake tipempha aphunzitsi ndi antchito a Boma kuti alimbikitse amayi kukapimidwa msanga, pakuti chotupa chopezeka chikali chaching'ono ndicho chimvera cheza.